Opita kunyanja patchuthi azidziwa madzi amene akulowamo

A Mkonzi,

Tiloleni danga m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi mabanja, magulu a mpingo, mabanki nkhonde ndi masukulu amene ayamba kale kusonkha ndalama za ulendo wa kunyanja. Dzuwa la Okutobala likangoyamba kuswa mtengo, misewu ya ku Salima, Mangochi ndi Nkhata Bay imadzaza minibasi ndi makosita, ndipo pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, magombe ena sapondeka. Zimenezi n'zokondweretsa. Kwa zaka zambiri nyanja yathu inkaoneka ngati ya alendo akunja okha, pamene mwana wobadwira ku Mchinji kapena ku Thyolo ankakula mpaka kukalamba asanaone funde. Chimene chikutilembetsa kalatayi n'chakuti chaka ndi chaka tchuthi chikatha timamva za maliro, ndipo patapita miyezi iwiri ena amayamba kukodza magazi osadziwa kumene anazitenga. Zonsezi zili ndi chiyambi chodziwika, ndipo zambiri n'zopeweka munthu akauzidwa asanakwere galimoto.

Tiyambe ndi mphepo, chifukwa ndi imene imalamula nyanja. Kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Ogasiti, nthawi zina kufikira mu Sepitembala, kumawomba mwera wochokera kummwera chakum'mawa. Nyanja ya Malawi ndi yaitali pafupifupi makilomita 580, choncho mphepo ikamayenda pamwamba pa madzi mtunda wautali chonchi imautsa mafunde aakulu. Magombe oyang'ana kum'mawa, monga Senga Bay, Nkhotakota ndi Chintheche, ndi amene amamenyedwa kwambiri. Gombe la Chembe ku Cape Maclear lili kuseri kwa mapiri ndipo limayang'ana chakumpoto ndi kumadzulo, n'chifukwa chake nthawi ya mwera madzi ake amakhala odekha kusiyana ndi kwina. Mvula ikayandikira zimatembenuka: kumabwera mpoto, ndiponso namondwe wadzidzidzi amene amatha kusandutsa nyanja yogona kukhala yolusa pa mphindi zochepa. Amene akufuna madzi abata ndi oyera asankhe kumapeto kwa Sepitembala, Okutobala kapena kuchiyambi kwa Novembala, koma adziwe kuti ndi nthawi yomweyo imene kutentha kumafika pachimake. Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano zimagwa m'dzinja, mitsinje itayamba kuthira matope m'nyanja, ndipo pansi sipaoneka.

Chachiwiri ndi msinkhu wa madzi. Nyanja imakwera pambuyo pa mvula, n'kufika pamwamba cha mu Epulo ndi Meyi, kenaka imatsika pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa chaka. Mu 2024 inakwera kwambiri moti magombe ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota anamira, madzi n'kulowa m'nyumba zogona alendo. Tanthauzo lake kwa wapaulendo ndi lakuti chithunzi cha mchenga wambee chimene mwachiona pa Facebook chikhoza kukhala cha zaka zitatu zapitazo. Musanalipire, pemphani eni malo akutumizireni chithunzi cha sabata yomweyo. Komanso pamene madzi anakwera n'kubwerera pamatsala zitsa, maziko a mipanda, zitsulo ndi mawaya obisika pansi pa madzi, pamalo pomwe kale ana ankathamangapo popanda chowabaya.

Pa za ulendo wapamsewu tingonena zochepa. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 120, kudzera pa Salima. Kuchokera ku Blantyre kufika pa boma la Mangochi ndi pafupifupi makilomita 190, ndipo Mzuzu ndi Nkhata Bay zatalikirana makilomita osafika 50. Amene akuchokera ku Lilongwe kupita ku Monkey Bay kudzera pa Khwekhwerere kutsikira ku Golomoti akumbutse dalaivala kuti atsike phirilo ndi giya yotsika, yoyendera pang'onopang'ono, osati kudalira mabuleki okha. Kosita yodzaza anthu ndi makuleti a zakumwa ikamatsika dalaivala ataponda buleki osalekeza, mabuleki amatentha, mafuta ake amawira, ndipo pofika pangodya yachitatu kapena yachinayi phazi limangolowa pansi. Thirani mafuta okwanira kupita ndi kubwerera, tengani ndalama ina m'manja poti netiweki ya kugombe siyodalirika, ndipo m'dzinja funsani za milatho ya msewu wa M5 musananyamuke. Mukafika, galimoto isiyeni pouma. Ikatitimira mumchenga musaponde moto, matayala amangodzikumbira manda. Phwetsani mpweya pang'ono m'matayala, kumbani kutsogolo kwake, ikani matabwa kapena nthambi, anthu akankhe.

Tsopano nkhani imene ikutipweteka mtima kwambiri, ya kumira. Ambiri amene amamira pa tchuthi si asodzi, ndi alendo ochokera kumtunda, makamaka anyamata ndi ana. Chifukwa choyamba ndi kapangidwe ka pansi pa nyanja. Pamagombe ambiri munthu amayenda mamita angapo madzi ali m'mawondo kapena m'chiuno, kenaka mchenga umatha mwadzidzidzi ngati khonde la nyumba, phazi lotsatira n'kuponda pakuya kopitirira msinkhu wake. Wosadziwa kusambira akaphonya pansi chonchi amameza madzi, amachita mantha, ndipo sakuwa ngati mmene anthu amaganizira. Munthu amene akumira amakhala chiimire m'madzi, mutu wagadamira kumbuyo, pakamwa pakulowa ndi kutuluka m'madzi, manja akupalasa m'mbali, ali duu. Anzake amene ali pamtunda wa mamita asanu amatha kuyesa akusewera. Zonsezi zimatha pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri.

Chifukwa chachiwiri ndi mowa. Mowa umanamiza munthu kuti ndi katswiri, umachedwetsa manja ndi miyendo, ndipo woledzera akameza madzi amasanza n'kutsamwa. Gulu lililonse ligwirizane lisanatsike m'galimoto kuti kusamba kuyambe, botolo litsatire, ndipo amene watsegula botolo wamaliza za m'madzi tsiku limenelo. Chachitatu ndi machubu a matayala ndi zoyandama zopopa zimene ana amabwereka pagombe. Chubu sichimira, koma chimatengedwa ndi mphepo, ndipo mphepo yochokera kumtunda imakankhira chubu kukuya mofulumira kuposa mmene munthu wamkulu angasambirire. Mwana akaona kuti gombe latalika amadumpha kuti abwerere, ndipo ngozi imachitikira pamenepo. Chubu cha mwana chizikhala ndi chingwe chimene wamkulu wagwira. Chachinayi ndi kudumpha chamutu kuchokera pamiyala kapena padoko la simenti. Pamene chaka chatha panali pakuya, chaka chino pakhoza kukhala mwala pansi pa madzi ofika m'chifuwa, ndipo khosi likathyoka munthu amapuwala moyo wake wonse.

Magulu a sukulu ndi a mpingo atimvetse bwino apa. Kunena kuti aliyense ayang'anire mnzake n'chimodzimodzi kunena kuti palibe woyang'anira. Sankhani akuluakulu odziwika ndi maina, osamwa, osagwira foni, aliyense apatsidwe ana osapitirira asanu, ndipo azisinthana pakatha theka la ola chifukwa maso amatopa ndi kunyezimira kwa madzi. Mwana wosakwana zaka zisanu azikhala pamene dzanja la wamkulu lingamufikire. Ikani malire ooneka: akuluakulu awiri odziwa kusambira aime m'madzi ofika m'chiuno moyang'ana kumtunda, ndipo palibe mwana wodutsa mzere wawo. Werengani ana polowa, werenganinso potuluka, ndipo chitani zimenezi nthawi iliyonse, osati pokwera basi madzulo pokha.

Wina akayamba kumira, lamulo loyamba ndi lakuti wosaphunzira kupulumutsa anthu asadumphire. Womira amagwira chilichonse ndi mphamvu zoopsa ndipo amakwera pamutu pa wodzamupulumutsayo, n'chifukwa chake kawirikawiri maliro amakhala awiri, mwana ndi malume ake. Kuwani kuitana asodzi ndi eni mabwato, iwo ndi amene amafika msanga. Muponyereni choyandama. Chigubu chopanda kanthu cha malita 20, kapena ngakhale cha malita 5, chotsekedwa bwino ndi chomangidwa ku chingwe cha mamita 15 kapena 20, chimakwanira kuti mutu wa munthu ukhale pamwamba mpaka mum'kokere kumtunda. Zinthu ziwirizi zimapezeka m'nyumba iliyonse, ndipo gulu lililonse lopita kunyanja liyenera kuzitenga n'kuziika pamchenga pomwe ana akusambira. Ngati ali pafupi, m'patseni nsungwi, nkhafi kapena chitenje, inuyo mutagona pansi kapena wina atakugwirani kuti musakokedwe.

Mukamutulutsa, musamuzondotse ndipo musam'finye pamimba kuti asanze madzi. Zimenezi zimataya nthawi ndipo zimakankhira masanzi m'mapapo. Mugonekeni chagada pouma, kwezani chibwano, onani ngati akupuma. Ngati sakupuma, tsinani mphuno yake, muuzireni mpweya m'kamwa kasanu mukuona chifuwa chikukwera, kenaka dinikizani pakati pa chifuwa ka 30 ndi manja awiri, mwamphamvu ndi mofulumira, pafupifupi kawiri pa sekondi iliyonse, chifuwa chizilowa masentimita asanu kwa wamkulu. Uziraninso kawiri, dinikizaninso ka 30, osaleka mpaka atayamba kupuma kapena achipatala atafika. Kwa mwana wamng'ono dzanja limodzi likwanira. Akayamba kupuma mugonekeni chammbali, mufunditseni, ndipo mupite naye kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa madzi amene alowa m'mapapo amatha kuyambitsa kubanika patapita maola angapo.

Za mabwato. Ulendo wa pa boti wopita ku chilumba cha Thumbi, Domwe kapena Mumbo, kapena kukaona nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba pamadzi, ndi chinthu chimene mwana sadzaiwala, ndipo sitikuletsa. Koma musanakwere werengani majekete oyandamitsa, akhale okwanira aliyense, ndipo avalidwe ndi kumangidwa malamba boti lisananyamuke. Jekete ya wamkulu pa mwana imavuka akangogwera m'madzi. Funsani ngati muli nkhafi ndi chotungira madzi, popeza injini imazima. Mwini boti akanena kuti malo atha, musamuumirize kuti mukwane nonse ulendo umodzi pofuna kupulumutsa ndalama. Mabwato ambiri amagubuduzika chifukwa anthu aimirira nthawi imodzi kapena athamangira mbali imodzi kukajambula. Pitani m'mawa, nyanja isanadzuke, ndipo asodzi akakuuzani kuti lero sikuli bwino, amvereni ngakhale kumwamba kuli mbee. Iwo amaona zimene inu simungaone. Kumbukiraninso kuti zilumba zimenezi zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha mbuna ndi nsomba zina zosapezeka kwina kulikonse. Pamakhala ndalama yolowera, ndipo kuwedza m'madzi oyandikana ndi gombe la pakiyo n'koletsedwa.

Ng'ona ndi mvuu zilipo, ngakhale kuti sizili paliponse. Ng'ona imakonda pamene mtsinje ukuthira m'nyanja, monga pa Linthipe, Bua ndi Dwangwa, m'mabango, m'madambo, ndi kumene Shire akutulukira ku Mangochi. Imasaka kwambiri m'bandakucha, chisisira ndi usiku, ndipo m'dzinja madzi akada imayenda kutali ndi kumene imakhala. Choncho kusamba usiku, kumene achinyamata amakukonda nyimbo zikamalira pagombe, n'kuika moyo pachiswe kawiri: ng'ona simuiona, ndipo mukamira palibe wokuonani. Mvuu imatuluka usiku kukadya msipu kumtunda. Mukakumana nayo musaime pakati pa iyo ndi madzi, chifukwa ikadzidzimuka imathamangira kumadzi ndipo imaponda chilichonse chili panjira. Funso loti "kodi kuno kwaoneka ng'ona posachedwa?" lifunseni kwa amayi amene akutsuka mbale padoko kapena kwa asodzi, osati kwa wokugulitsani chipinda yekha.

Tifike pa likodzo, matenda amene anthu ambiri ophunzira amawayesa a ana a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja basi. Kayendedwe kake n'kotere. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa n'kulowa mu nkhono zazing'ono za m'madzi. M'nkhonomo tizilombo timachulukana, kenaka timatuluka tambirimbiri, makamaka masana dzuwa lili paliwombo, nthawi yomwe alendo amakonda kusamba. Tizilomboti sitioneka ndi maso, timaboola khungu labwinobwino lopanda bala pa mphindi zochepa, ndipo munthu safunika kumwa madziwo kuti atenge matendawa. Kuviika mapazi kokha n'kokwanira. Nkhonozi zimachuluka m'madzi osaya, odekha, a zomera ndi mabango, pafupi ndi midzi. Koma kummwera kwa nyanja, kuphatikizapo ku Cape Maclear, kuli mtundu wina wa nkhono umene umakhala mumchenga weniweni wopanda udzu, ndipo akatswiri anaona kuti unachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha kusodza mopyola muyeso. Ndiye mchenga woyera si umboni woti palibe likodzo, ndipo mwini malo amene akukutsimikizirani kuti gombe lake lilibe likodzo akunena chinthu chimene sangachidziwe popanda kuyeza.

Sitikunena kuti anthu asasambe. Tikunena kuti asambe akudziwa chochita pambuyo pake. Kusambira kutali ndi midzi ndi mabango, monga kumiyala ya kuzilumba kumene madzi ndi akuya ndi oyenda, kumachepetsa chiopsezo. Kudzipukuta mwamphamvu ndi thaulo mukangotuluka kumathandizako pang'ono koma musakudalire. Funsaninso kumene madzi a m'bafa akuchokera, chifukwa malo ena amapopa m'nyanja n'kulowetsa mu shawa tsiku lomwelo. Madzi otere amakhala abwino kusamba akakhala m'thanki masiku awiri, akathiridwa klorini, kapena akawiritsidwa n'kuzizira.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi pa mankhwala. Mankhwala a likodzo ndi praziquantel, ndipo amagwira bwino ntchito pa nyongolotsi zokhwima, osati zazing'ono zimene zangolowa kumene. Amene amagula mapiritsi pobwerera n'kumwa usiku womwewo amangotaya ndalama, kenaka amakhala ndi mtima woti anachira pamene nyongolotsi zikukula. Nyongolotsi imatenga masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu kuti ikhwime. Choyenera ndi kudikira miyezi iwiri kapena itatu kuchokera tsiku lomaliza kulowa m'madzi, n'kupita kuchipatala kukayezetsa mkodzo ndi chimbudzi, ndipo muwauze adokotala kuti munasamba kunyanja. Mlingo wake umatengera kulemera kwa thupi: mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse. Piritsi limodzi ndi la mamiligalamu 600, choncho munthu wa makilogalamu 60 amamwa anayi, wa makilogalamu 75 amamwa asanu. Kupatsa banja lonse mapiritsi awiriawiri n'kulakwitsa, wamkulu sachira ndipo kamwana kamalandira wopitirira. Amwedwe mutadya nsima kapena phala lokhuta, chifukwa pamimba yopanda kanthu amachititsa chizungulire ndi nseru. Amayi oyembekezera ndi ana aang'ono kwambiri asamwe popanda kuonana ndi achipatala.

Zizindikiro za likodzo zisadikiridwe, poti ambiri sakhala nazo kwa nthawi yaitali. Ena amamva kuyabwa ndi totupa tsiku lomwelo. Ena patapita masabata angapo amatentha thupi, kutsokomola ndi kufooka, ndipo akayezetsa malungo sapezeka. Chizindikiro chodziwika ndi magazi kumapeto kwa mkodzo, koma mtundu wa m'matumbo, umenenso wapezeka ku Mangochi zaka zaposachedwapa, umabweretsa kupweteka m'mimba ndi magazi m'chimbudzi. Kwa amayi likodzo limatha kugwira njira yoberekera, n'kumatulutsa magazi kapena ukazi wachilendo, ndipo ambiri amapatsidwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana mobwerezabwereza, mabanja n'kukanganirana pachabe. Likasiyidwa zaka limawononga chikhodzodzo, impso ndi chiwindi, limatha kulepheretsa kubereka, ndipo limathanso kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo.

Malungo a kunyanja si nkhani yatsopano. Amishoni a Livingstonia anayamba ntchito yawo ku Cape Maclear mu 1875, malungo anawapha ena mwa iwo, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kenaka kumapiri a Khondowe. Manda awo alipo mpaka lero pafupi ndi Chembe. Udzudzu womwewo ulipobe. Tengani neti yanu ndi chingwe chomangira, chifukwa ya m'chipinda ikhoza kukhala yobooka, ndipo madzulo valani zofika m'mikono ndi m'miyendo. Malungo amaonekera patapita sabata imodzi kapena ziwiri, munthu atabwerera kale kwawo. Mwana akatentha thupi nthawi imeneyo, kayezetseni tsiku lomwelo. Pa madzi akumwa, tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 imene inasautsa kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja. Madzi a m'nyanja asamwedwe osawiritsa kapena osathira mankhwala, ngakhale aoneke oyera bwanji, ndipo m'chikwama muzikhala mapaketi a Thanzi ORS. Mpunga ndi nkhuku zophikidwa usiku n'kutsekeredwa m'kontena m'galimoto yotentha mpaka masana ndi zimene zimatsegula m'mimba gulu lonse pobwerera. Bwino kuphikira konko, kapena kutenga zouma.

Dzuwa nalo lisapeputsidwe poti ndife akhungu lakuda. Pagombe limamenya kuchokera kumwamba, limabwereranso kuchokera pamadzi ndi pamchenga. Pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana ana ndi okalamba akhale pamthunzi, ndipo wamkulu aliyense awerengeredwe malita atatu a madzi akumwa pa tsiku. Mchenga wa masana mu Okutobala umawotcha mapazi a mwana mpaka matuza, choncho asavule mapatapata. Abale athu achialubino ayenera chisamaliro chapadera: chipewa cha khonde lalikulu, malaya a manja aatali ngakhale polowa m'madzi, magalasi a dzuwa, ndi mafuta oteteza khungu a SPF 50 odzolanso pakatha maola awiri alionse komanso akangotuluka m'madzi. Wokonza ulendo amene ali ndi munthu wotere m'gulu asankhe malo a mitengo kapena a zisakasa. Munthu akayamba mutu, chizungulire ndi kusokonezeka pakutentha, m'pititseni pamthunzi, m'thireni madzi thupi lonse, m'kupizeni, ndipo akapanda kutsitsimuka msanga thamangirani kuchipatala.

Palibe amene amabwerera kunyanja wopanda nsomba, ndiye tinenepo. Chambo chabwino chimakhala ndi maso owala otukuka, makha ofiira, ndipo mukadina ndi chala mnofu umabwerera. Maso olowa ndi makha otuwa kapena oterera ndiye kuti chagona. Gulani pobwerera, chotsani matumbo pomwepo, ikani mu kula bokosi ndi ayezi wolemera mofanana ndi nsombazo, mosanjikiza. Kumangirira nsomba pagalasi la galimoto kuti iziwombedwa mphepo kumangoumitsa khungu, mkati ikuwola ndi kutentha. Popanda ayezi, gulani zowamba kapena usipa wouma. Ndipo tikupempha kuti musagule kasawala, ana a chambo. Wogula akamalipira tinsomba tosakhwima, msodzi amapitiriza kukoka ndi ukonde wa maso aang'ono, ngakhale neti ya udzudzu, ndipo chambo chimene chasowa kale chimatheratu. Kumapeto kwa chaka boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane, choncho nthawi imeneyo funsani bwino za nsomba imene akukugulitsani.

Gombe limene inu mukupita kukasangalala ndi pakhomo pa anthu ena. Ndi pamene amatunga madzi, kuchapa, kuyanika usipa ndi kusoka maukonde. M'midzi yambiri muli doko la amayi ndi la abambo, ndipo mlendo wamwamuna wongolowerera kumene amayi akusamba, foni ili m'manja, akulakwira mudzi wonse. Ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota kuli Asilamu ambiri, ndipo ngakhale kumene kulibe, kuyenda pamsika ndi zovala zosambira n'kusalemekeza eni dera. Chitenje ndi malaya sizilemera. Mabotolo agalasi asafike pamchenga, chifukwa losweka limakwiririka n'kudzacheka phazi la mwana wa msodzi patapita mwezi. Matewera otaya, mapepala apulasitiki ndi mbale za tekawe mubwerere nazo m'thumba. Ndipo musakodze m'madzi. Aliyense wochita zimenezi ali ndi likodzo osadziwa ndi amene akudyetsa nkhono zija.

Pomaliza tili ndi pempho kwa makhonsolo a Mangochi, Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay, Karonga ndi Likoma, kwa unduna woona zokopa alendo, ndi kwa eni malo amene amalipiritsa pakhomo. Amene akutolera ndalama yolowera pagombe pa tsiku la tchuthi akakamizidwe, monga mbali ya laisensi yake, kukhala ndi opulumutsa anthu ophunzitsidwa, ovala zooneka patali, boti limodzi lodikira m'madzi, zingwe ndi zoyandama zosonyeza malire a posambira, ndi zimbudzi zokwanira chiwerengero cha anthu amene walowetsa. Achinyamata odziwa madzi ali m'midzi yomweyo, chosowa ndi maphunziro a chithandizo choyamba ndi malipiro. Zikwangwani zochenjeza za pakuya, ng'ona ndi likodzo zilembedwe m'Chichewa, Chiyao ndi Chitonga, osati m'Chingerezi chokha, ndipo pakhale nambala ya foni ya apolisi a panyanja ndi ya chipatala chapafupi. Makhonsolo asiyenso njira zoti anthu wamba azifikira kumadzi. Mipanda ikamatseka gombe lonse labwino, amene alibe ndalama yolowera amakasamba kumabango ndi kumathiriro a mitsinje, komwe kuli ng'ona ndi nkhono. Tikupempha kuti izi zikambidwe pa misonkhano ya makhonsolo Okutobala asanafike.

Ndife owerenga anu,
a ku Monkey Bay, Mangochi